A kafukufuku adafunsa doko lina n'kudumpha lanu: nachi chifukwa chake

Mwezi wathawu ndili pamsika wa Monkey Bay kudikira minibasi yobwerera ku boma, mayi wina wogulitsa usipa wouma, amene timadziwana kuyambira kale, adandiimitsa ndi funso.

"Achimwene, inu mumayenda ndi anthu a mapepala aja, tandiuzani. Chaka chino abwera kawiri konse, koma ulendo uliwonse akumakafunsa anzathu a ku Msaka, ife a padoko lathu osatiyang'ana n'komwe. Kodi a ku Msaka adawapatsa chiyani? Nanga ngongole ikadzabwera, si ndiye kuti idzathera komweko?"

Ndidawayankha mwachidule chifukwa kondakitala anali atayamba kale kumenya chitseko. Koma funso lawolo ndi lalikulu, ndipo ndalimvanso kwa alimi a tomato m'madimba a m'mbali mwa Shire, kwa eni zigayo ndi kwa ogulitsa mbewu ndi feteleza m'maokala. Lero ndati ndiliyankhe bwinobwino patsamba lino, popeza manambala amene anthu a mapepalawa amatola ndi omwe boma ndi mabungwe amayang'ana akafuna kudziwa koti amange shedi ya msika, koti atumize alangizi a ngongole kapena koti atsegule malo ogulitsira zipangizo zaulimi. Nambala ikakhala yopotoka, shedi imakamangidwa kumene kulibe malonda.

Poyamba tivomerezane kuti sizingatheke kufunsa aliyense. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Mangochi muli anthu 1,148,611, ndipo kalembera wotere, wolowa nyumba iliyonse, dziko limamuchita kamodzi pa zaka 10 chifukwa amadya ndalama zankhaninkhani. Tsono wofuna kudziwa za mageni a m'boma lino ayenera kufunsa ochepa kuti aimire onse.

Njira imene aliyense angaiganize msanga ndi yolemba maina a ochita geni onse, kuwaponya m'chipewa n'kutola maina 200 mwa mayere. Njirayi ndi yabwino kwambiri papepala, koma ili ndi mavuto awiri. Loyamba, maina amenewo mudzawapeza kuti? Mayi wa zitumbuwa, mnyamata wa kabaza ndi bambo wowamba mlamba sadalembetse geni yawo ku ofesi iliyonse. Lachiwiri, ngakhale mutakhala nawo mainawo, chipewa sichidziwa mtengo wa petulo. Chidzakupatsani munthu mmodzi ku Makanjira, wina ku Katuli, wina ku Chilipa, wina ku Malembo, ndipo galimoto idzayenda tsiku lonse kukafunsa munthu mmodzi yekha, mwinanso n'kukamupeza atapita kumaliro.

N'chifukwa chake a kafukufuku amayamba ndi kusankha malo, osati anthu. Amatola madoko, misika kapena midzi ingapo mwa mayere, ndipo akafika pamalo pamene pasankhidwapo amalemba mageni onse amene awapeza, kenaka n'kutolanso angapo oti awafunse. Pachingerezi njirayi amaitcha cluster sampling, kutanthauza kusankha m'magulumagulu. Ngati anthu a mapepala aja adagwira ntchito yawo moyenera, ndiye kuti a ku Msaka sadapereke kalikonse. Dzina la doko lawo lidangotuluka m'chipewa.

Koma kupulumutsa petulo kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo nkhani yanga yagona pamenepa.

Mlimi aliyense amene adagulitsapo chimanga akudziwa mmene wogula wochenjera amachitira. Mukamubweretsera matumba 50, satenga thumba limodzi n'kulibaya ka 20. Amabaya matumba osiyanasiyana, lina lapamwamba, lina lapakati, lina lapansi. Amadziwa kuti chimanga cha m'thumba limodzi chimafanana: ngati anankafumbwe alowamo, ndiye kuti kulikonse kumene angabaye apeza chofumbwa, ndipo kubaya kachiwiri ndi kachitatu sikumuuza chatsopano. Ifenso tikamatenga dothi loti likayezedwe, sitikumba dzenje limodzi lalikulu pachulu, timayenda mokhotakhota munda wonse n'kumatapa pang'onopang'ono.

Doko kapena msika uli ngati thumba lija. Ogulitsa usipa a padoko limodzi amagula kwa asodzi omwewo, pamtengo umodzi. Mwera ukawomba, onse amagona ndi njala limodzi. Msewu ukaduka, nsomba za onse zimaonongeka. Wakatapila wawo ndi mmodzi, ndipo ogula ochokera ku Limbe kapena ku Lilongwe amene amafika pamenepo ndi omwewo. Mukafunsa mayi woyamba kuti ndowa ya usipa wagula zingati, wakuuzani zatsopano. Wachiwiri akuuzani pafupifupi zomwezo. Pofika wa 30 ndiye kuti mukungodzaza mapepala.

Masamu ake

Katswiri wina wa pa yunivesite ya Michigan ku America, Leslie Kish, adalongosola bwino nkhaniyi m'buku lake la 1965, ndipo masamu ake ndi osavuta moti aliyense amene ali ndi foni ya kakyuleta atha kuwachita. Kufanana kwa anthu a pamalo amodzi kumayezedwa ndi nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 1. Ikakhala 0 ndiye kuti anthu a padoko limodzi ndi osiyana monga momwe aliri a m'boma lonse. Ikakhala 1 ndiye kuti onse amayankha ngati munthu mmodzi. Tsono mumatenga chiwerengero cha anthu amene mwafunsa pamalo amodzi, kuchotsapo 1, kuchulukitsa ndi nambala ya kufanana ija, n'kuwonjezerapo 1. Yankho lakelo, limene akatswiri amalitcha design effect, ndi limene mumagawira chiwerengero cha anthu onse amene mwafunsa, kuti muone kuti kunena zoona akulemera ngati anthu angati otoledwa mmodzimmodzi m'chipewa muja.

Tiyeni tichite chitsanzo. Manambala otsatirawa ndangowapeka kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya kampani kapena bungwe lililonse. Tinene kuti tili ndi K2,800,000. Kufika padoko limodzi, kuphatikizapo petulo, malo ogona, kukaonekera kwa amfumu ndi kulemba mndandanda wa mageni, kukudya K100,000. Kufunsa munthu mmodzi tikafika kale kukudya K4,000. Ndipo tinene kuti kufanana kwa ogulitsa a padoko limodzi ndi 0.2.

Munthu wofuna kuonetsa kuti wagwira ntchito adzapita m'madoko 5 okha n'kufunsa anthu 115 padoko lililonse. Ndalama ikwanira ndendende, ndipo adzabwera ndi mapepala 575, katoni yodzaza. Koma chitani masamu aja: 114 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 22.8, kuwonjezera 1 ndi 23.8. Gawani 575 ndi 23.8, mupeza 24. Anthu 575 aja akulemera ngati anthu 24 basi.

Wina adzapita m'madoko 10 n'kufunsa anthu 45 paliponse. Ndalama ndi yomweyo, mapepala 450, ndipo kulemera kwake ndi anthu 46. Winanso adzapita m'madoko 20 n'kufunsa anthu 10 okha paliponse. Ameneyu abwera ndi mapepala 200, ochepa kwambiri poyerekeza ndi woyamba uja, mwina bwana wake amuyang'ana ndi diso loipa. Koma 9 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 1.8, kuwonjezera 1 ndi 2.8, ndipo 200 kugawa ndi 2.8 ndi 71. Mapepala ake 200 akuposa mapepala 575 a mnzake uja pafupifupi katatu, pa ndalama yofanana.

Musathamangire kunena kuti basi tingochulukitsa madoko mpaka kalekale. Amene adzapite m'madoko 25 adzatsala ndi ndalama yofunsira anthu 3 okha paliponse, onse pamodzi 75, ndipo kulemera kwawo kutsika kufika pa 54. Ndalama yake yambiri yathera mumsewu. Choncho pali pakatikati pamene ndalama imagula choonadi chochuluka, ndipo m'chitsanzo chathuchi pakatikati pake ndi anthu 10 padoko.

Kodi kusiyana kwa 24 ndi 71 kukutanthauza chiyani kwa munthu wa geni? Tinene kuti funso linali lakuti ndi angati amene mpamba wawo adautenga ku katapila, ndipo kafukufuku wapeza kuti ndi 50 mwa 100 aliwonse. Wa madoko 20 uja angathe kunena molimba mtima kuti choonadi chili penapake pakati pa 38 ndi 62. Wa madoko 5 uja choonadi chake chingakhale paliponse kuyambira 30 mpaka 70, mwinanso kupitirira apo. Choopsa n'chakuti iye akapanda kudziwa masamuwa, adzawerengera anthu ake 575 ngati kuti adatoledwa mmodzimmodzi, n'kulemba kuti akhoza kuphonya ndi 4 yokha. Lipoti lake lidzaoneka lodalirika kuposa onse, chonsecho ndi lofooka kuposa onse.

Pali lamulo lachidule lopezera pakatikati paja. Gawani mtengo wofikira pamalo ndi mtengo wofunsira munthu mmodzi: kwa ife ndi 25. Kenaka chotsani kufanana kuja pa 1, yotsalayo muigawe ndi kufanana komweko: 0.8 kugawa ndi 0.2 ndi 4. Chulukitsani ziwirizo, mupeza 100. Nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 100 ndi 10, ndipo ameneyo ndiye mlingo wa anthu oti mufunse pamalo amodzi.

Lamuloli limaphunzitsa zinthu ziwiri zimene ine zidanditengera nthawi kuti ndizimvetse. Choyamba n'chakuti mlingowo umadalira funso. Mtengo wogulira usipa umafanana kwambiri padoko limodzi. Kufanana kukakhala 0.5, anthu 5 akwanira, ndalama yotsalayo ipite ku petulo wa madoko ena. Koma funso lakuti geni yanu mudayamba liti, mayankho ake amasiyanasiyana ngakhale pabenchi limodzi. Kufanana kukatsika kufika pa 0.05, mutha kufunsa anthu 22 pamalo amodzi osaononga ndalama. Popeza pepala limodzi limakhala ndi mafunso ambiri, wokonza kafukufuku ayenera kusankha funso limene lili lofunika kuposa onse n'kukonzera limenelo. Chachiwiri n'chakuti ulendo ukadula, mlingo umakwera koma pang'onopang'ono. Mtengo wofikira pamalo ukakwera kanayi, kuchoka pa K100,000 kufika pa K400,000, anthu oti mufunse amangokwera kawiri, kuchoka pa 10 kufika pa 20. Kukwera kwa petulo si chilolezo chokhalira pamsika umodzi sabata yonse.

Ndipo amene akufuna kuti kuphonya kwake kuchepe ndi theka adziwe kuti ayenera kupita m'malo ochuluka kanayi, kutanthauza ndalama zochuluka kanayi. Walira mvula walira matope.

Mmene ndidagwera m'mbuna ndekha

Ndisaoneke ngati ndidabadwa ndikudziwa. Nditangoyamba kugwira ntchito pandekha, bungwe lina lidandilemba ganyu yofufuza za ogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a mbewu m'boma la Mangochi: amapikula kuti, amagulitsa zingati, ndipo katundu amawathera liti. Adandipatsa galimoto kwa masiku owerengeka ndi anyamata ofunsa mafunso. Ine pofuna kubweretsa mapepala ambiri ndidayang'ana mapu n'kusankha misika ya m'mbali mwa tala, kuyambira pa boma kulowera ku Monkey Bay, n'kuwonjezerapo Namwera kuti kumtunda kusasowe. Tidafunsa aliyense amene tidamupeza, ndipo ntchito idatha tsiku limodzi nthawi isanakwane. Ndidanyadira.

Lipoti langa lidati katundu amapezeka nyengo yonse ya dzinja ndipo mitengo sisiyana kwenikweni. Patapita miyezi ingapo ndidapita cha ku Makanjira pa ntchito ina, mvula ili mkati. Panthawiyo msewu unali wafumbi, ndipo tidakhala maola angapo pamtsinje wina kudikira kuti madzi aphwe. Nditafika ndidapeza maokala amene mbewu ya chimanga idatha kalekale, ndipo feteleza wochepa amene analipo amagulitsidwa pa mbale, pamtengo umene sudalembedwe patsamba lililonse la lipoti langa. Mwini okala wina, bambo wachikulire, atamva kuti ndine amene ndidalemba za ogulitsa zipangizo, adangoseka n'kunena kuti, "Alangizi, kodi Mangochi wanuyo amathera pa mlatho?"

Zolakwa zanga zidali ziwiri, ndipo n'zosiyana. Choyamba, ndidapita m'malo ochepa n'kufunsa anthu ambiri ofanana, monga wa madoko 5 uja. Chachiwiri, chimene chili choipa kuposa, malowo sindidawatole mwa mayere, ndidawasankha ndi maso chifukwa anali osavuta kufikako. Cholakwa choyamba masamu a Kish amatha kuchiyeza n'kukuuzani kuti mwaphonya motani. Chachiwiri palibe masamu amene angachikonze. Ngakhale ndikadafunsa anthu 5,000 m'mbali mwa tala, palibe ndi mmodzi yemwe amene akadandiuza za mtsinje uja.

Mmene ena amachitira

Kulimbana kwa ndalama ndi choonadi kumeneku si kwa lero, ndipo kudayambira kumunda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, katswiri wa ku India, P. C. Mahalanobis, adapatsidwa ntchito yopeza kukula kwa minda ya jute, mbewu yopangira ziguduli, m'chigawo cha Bengal. Iye adayesa timagawo ta malo tosiyanasiyana kukula kwake, uku akuwerengera nthawi ndi ndalama zimene anthu ake amathera poyenda, mpaka adaonetsa kuti timagawo tosankhidwa bwino tingapereke yankho lodalirika pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kuyendera munda uliwonse.

Kuno kwathu, ofesi ya National Statistical Office ku Zomba idagawa dziko lonse m'timadera ta kalembera, kalikonse ka mabanja pafupifupi 200 kapena kuposerapo, ndipo timadera timeneti ndi timene imaponya m'chipewa. Pa kafukufuku wake wamkulu wa moyo wa mabanja, amene amafunsanso za mageni a pakhomo, mu 2004 ndi 2005 idatola timadera 564 n'kufunsa mabanja 20 m'kalikonse, onse pamodzi 11,280. Pa wotsatira wake, wa 2010 ndi 2011, idatola timadera 768 n'kutsitsa mabanja kufika pa 16 m'kalikonse. Taonani: mabanja onse pamodzi adangokwera pang'ono, koma malo adawonjezeka ndi 204. Amene wawerenga masamu a pamwambapa aona yekha phindu la kusintha kotere. Nawo akafukufuku a mabizinesi ang'onoang'ono otchedwa GEMINI, amene adachitika m'dziko muno mu 1992 ndi mu 2000, adatsata njira yomweyi yotola timadera mwa mayere n'kuyenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali geni, chifukwa kunalibe kaundula wa mageni otere.

A nthambi ya za nsomba, amene malo awo ofufuzira ali ku Monkey Bay, akhala akulimbana ndi nkhaniyi kuyambira zaka za m'ma 1970, pamene bungwe la FAO lidathandiza kukhazikitsa njira yoyezera nsomba zogwidwa ndi asodzi ang'onoang'ono. Gombe lidagawidwa m'zigawo, ndipo mlembi amayendera madoko angapo osankhidwa m'chigawo chake pa masiku oikika a mwezi, kuyeza nsomba za mabwato angapo, kenaka zotsatirazo amazichulukitsa ndi chiwerengero cha mabwato ndi maukonde onse amene adawerengedwa pa kalembera wa m'madoko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chambo chitayamba kusowa m'nyanja ya Malombe, ntchito yofufuza za chambo idabweretsa njira ina kuno kumwera kwa nyanja, ku Shire wakumtunda ndi ku Malombe, yowerengera potsata mtundu wa ukonde m'malo motsata bwato. Nzeru yake ndi yomveka: bwato la matchera ndi la chilimira sagwira zofanana, ndipo kuwasakaniza kuli ngati kuyeza mphale ndi gaga pa mlingo umodzi.

Apa pakutuluka chida china chimene chimathandiza popanda kudya ndalama zambiri, ndicho kugawa boma m'zigawo musanachite mayere. Mangochi si mmodzi. Kuli gombe la kuzambwe kumene kuli tala, mahotela ndi ogula ambiri. Kuli gombe la kuvuma, kuyambira Malindi kudzera Lungwena mpaka Makanjira. Kuli kumtunda kwa Namwera ndi Katuli, kozizira, kumene malonda amayang'ananso ku Mozambique kudzera pa Chiponde. Kuli Malombe, ndiponso kuli midzi ya kumtunda cha ku Chilipa. Mukaponya misika yonse m'chipewa chimodzi, tsoka likhoza kukupatsani misika ya m'mbali mwa tala yokhayokha. Koma mukakhala ndi chipewa cha chigawo chilichonse, ndiye kuti palibe chigawo chimene chingasowe. Kumene kuli kodula kufikako mutha kutolako malo ocheperapo, malinga pomaliza muwerengere kuti munthu mmodzi wa kumeneko akuimira anzake ochuluka. Chosaloledwa ndi kusapitako n'komwe.

Kafukufuku wa mabizinesi ali ndi msampha wina umene wa mabanja alibe. Mabanja amasiyana kukula, koma palibe banja limene limadya nsima ya mabanja 1,000. Mabizinesi ndiye amatero. Kampani ya Maldeco payokha si yofanana ndi mwini bwato limodzi, ndipo sitolo imodzi yopikulitsa pa boma itha kugulitsa feteleza woposa wa maokala ambirimbiri a m'midzi kuwaphatikiza pamodzi. Mukaisiya sitolo yotere kuti idalire mayere, ikapanda kutuluka chiwerengero chanu chidzachepa kwambiri, ndipo ikatuluka n'kuichulukitsa ngati kuti ikuimira anzake, chidzafufuma mopanda nzeru. Choncho akuluakulu ochepawo amafunsidwa onse, aliyense n'kudziimira yekha, ndipo mayere amatsalira ang'onoang'ono. Momwemonso msika waukulu umapatsidwa mapepala ambiri m'chipewa kuposa waung'ono. Doko la ogulitsa 300 liyenera kukhala ndi mwayi wotuluka woposa ka 10 doko la ogulitsa 30. Ichi mwina n'chifukwa china chimene madoko aakulu amaonera alendo a mapepala kawirikawiri.

Tsiku nalonso ndi thumba. Asodzi a usipa amagwiritsa ntchito nyali usiku wamdima, choncho wofika padoko mwezi ukuwala adzapeza mathandala opanda kanthu n'kulemba kuti geni yafa. Wofika m'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, adzamva madandaulo okhaokha. Wofika pamsika tsiku lamsika adzawerenga mavenda amene mawa lake adzakhala ali pamsika wina, ndipo akapanda kusamala adzawawerenga kawiri. Ngati ndalama ilola maulendo 20, nthawi zina n'kwanzeru kuwamwaza m'miyezi yosiyanasiyana kusiyana ndi kuwathera onse m'sabata ziwiri. Ndiponso mndandanda wakale usamakhulupiriridwe. Madzi a m'nyanja atakwera kwambiri mu 2024, malo ambiri a m'mbali mwa nyanja m'boma lino adamira, ndipo wodalira maina amene adalembedwa madziwo asanabwere akhoza kumafunafuna thandala pamene pali mafunde. N'chifukwa chake kulemba mndandanda watsopano pofika pamalo, ngakhale kumadya tsiku lathunthu, si ndalama yotaya.

Nanga inu owerenga muchitepo chiyani? Ambiri mwa inu muli m'makalabu a alimi, m'makopaletivu, m'mabanki m'khonde kapena m'makomiti a m'madoko, ndipo alendo amabwera kudzakuwerengerani zotsatira za kafukufuku. Akakuuzani kuti adafunsa anthu 600, musaombe m'manja msanga. Afunseni mwaulemu kuti anthu amenewo adawapeza m'malo angati, malowo adawasankha bwanji, ndipo kudali mwezi wanji. Wogwira ntchito yake bwino adzasangalala ndi mafunso amenewa ndipo adzakuyankhani nthawi yomweyo. Funsaninso ngati pali malo amene adatuluka pa mayere koma sadapiteko. Zimachitika kuti mlatho waduka ndithu, koma zimachitikanso kuti anyamata atopa n'kungolowa pamsika wapafupi, ndipo kusinthanitsa kotere kukachuluka, kafukufuku amabwerera ku tala ngati wanga uja.

Kopaletivu imene ikufuna kudziwa mitengo ya mpunga kapena nandolo isanagulitse ikhoza kugwiritsa ntchito nzeru yomweyi popanda galimoto. M'malo motuma munthu mmodzi kukazungulira msika wa pa boma tsiku lonse, imbirani foni anthu odalirika m'misika 8 kapena 10 yotalikirana, aliyense afunse ogula atatu kapena anayi tsiku lomwelo. Mayunitsi ake ndi ochepa kuposa thiransipoti ya munthu mmodzi.

Ndipo mayere akagwera doko lanu, yankhani zoona. Ndikudziwa chimene chimachitika: ena amachepetsa phindu poopa msonkho, ena amakulitsa umphawi poyembekeza thandizo. Koma kumbukirani kuti pa anthu 10 amene afunsidwa padoko lanu, aliyense akuyankhulira anzake ambiri a m'madoko amene sadatuluke. Mukapangana kuti nonse munene chimodzimodzi, mwakweza kufanana kuja kufika pa 1, ndipo doko lonse lasanduka munthu mmodzi.

Kunena za mayi a ku Monkey Bay aja, mantha awo a ngongole ali ndi pogwira. Kafukufuku wa mayere ntchito yake ndi kuyeza kukula kwa vuto m'boma lonse, si kulemba maina a odzalandira. Koma ndaonapo mabungwe ena amene, pofuna kupeputsa ntchito, amakayambitsa thandizo m'malo momwe adafunsamo mafunso chifukwa amfumu a kumeneko awadziwa kale. Kumeneko ndi kusokoneza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo komiti ya doko limene ladumphidwa ili ndi ufulu wokafunsa ku komiti ya chitukuko ya m'dera lawo kapena ku khonsolo kuti malo olandira thandizo adasankhidwa potsata chiyani. Ndidzawauza zimenezi ndikadzapitanso ku Monkey Bay kumapeto kwa mwezi uno, pamene ndikukayendera alimi a chinangwa a ku Nankumba.